Chuma chinakwera, koma mpando anamumanabe

Asisi a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, tamvani izi. M'zaka za m'ma 1950, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku America ndalama zinavuta kuwerenga: ma TV, mafiriji, magalimoto atsopano. Koma mu basi mumzinda wa Montgomery, mayi wakuda ankadzutsidwabe kuti mzungu akhale. Pa 1 December 1955, Rosa Parks, mayi wosoka zovala, anakana kudzuka, apolisi n'kumumanga. Usiku womwewo Jo Ann Robinson wa gulu la amayi anachezera kusindikiza timapepala toitana anthu kunyanyala. Masiku 381 anthu akuda akuyenda wapansi, mpaka khoti linathetsa tsankho la m'mabasi.

Kuno kwathu zaka zomwezo, mayi Rose Chibambo ankasonkhanitsa amayi mu Blantyre muno kukana Chitaganya. Mu 1959 atsamunda anawatsekera kundende ya Zomba ali ndi khanda kumanja. Ndi omwe aja ali pa K200.

Amayi onsewa anali ndi anzawo kumbuyo. Ndiye kondakitala akamagwiragwira mnzathu pa siteji ku Limbe, tisamangoyang'ana foni ayi. Tilankhule tonse, titsike tonse, minibasiyo ipite yopanda anthu.