Oyendetsa Ndeke za Anthu Acuma

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za anthu amene ambiri a ife timawayesa odala koposa anchito onse, ndiwo oyendetsa ndeke. Koma sindinena za ndeke zazikuru zimene zitera ku Lusaka ndi ku Ndola pa nthawi yoikika, iai. Ndinena za ndeke zazing'ono zaliwiro, zonyamula anthu acuma owerengeka okha.

Ku America, mu mzinda wa Columbus m'cigawo ca Ohio, kuli kampani yochedwa NetJets. Inayamba m'caka ca 1964 ndi dzina lakuti Executive Jet Airways. M'caka ca 1986 mkuru wace, Richard Santulli, anadza ndi nzeru yatsopano, yakuti munthu asagule ndeke yonse koma gawo cabe, monga amuna a m'mudzi asonkherana ndarama kugula ngolo imodzi. Wogula gawo limodzi mwa magawo 16 aloledwa kuuluka maora 50 pa caka. M'caka ca 1998 kampaniyo inagulidwa ndi Berkshire Hathaway, ya Warren Buffett.

Tsono pa ngolo ya m'mudzi munthu amalindira kuti mnzace ayambe watuta cimanga cace. Koma eni ndekezi salindira. Mwini gawo aimba lamya, ndipo pakupita maora owerengeka ndeke iyenera kukhala itafika pamene iye ali. Katundu yense wa lonjezo limeneli agwera woyendetsa.

Ambiri a iwo agwira nchito masiku 7 motsatana, napumula masiku 7 kwao. Kumva kwace nkokoma. Koma m'masiku a nchitowo munthu pouka mamawa sadziwa kumene adzagona, pakuti ulendo usinthika katatu dzuwa lisanalowe. Lamulo la dziko lao lilola kuti akhale pa nchito kufikira maora 14, napumule maora 10. Ndipo m'maora 10 omwewo ayenera kupita ku hotela, kudya, kugona, ndi kubwera. Pa ndeke zocepa palibe mnyamata kapena mtsikana wotumikira alendo, motero woyendetsa yemweyo ndiye anyamula masutukesi, natola zinyalala, nakonza mipando. Wina wa inu amene anayendetsapo lole usiku wonse pa mseu wa ku Chipata adziwa umo tulo tibera munthu maso ali cipenyere. Mwini lole angathe kuima pambali pa mseu. Kumwamba kulibe pambali.

M'caka ca 2008 oyendetsa a kampaniyi anakhazika kabungwe kao-kao, kochedwa NJASAP. Caka cotsatira, malonda atagwa pa dziko lonse, kampani inalengeza kuti idzaimitsa oyendetsa 495. M'caka ca 2015, pangano la malipiro litacedwa, anapita ku Omaha atabvala zobvala zao za nchito, naima ndi zikwangwani kunja kwa msonkhano waukuru wa Berkshire Hathaway. Caka comweco mkuru wa kampani, Jordan Hansell, anatula pansi udindo, ndipo pangano latsopano linabvomerezedwa caka cisanathe.

Ndidziwa kuti wina pafupi ndi wailesi alikunena, kodi anthu olandira ndarama zotere adandauliranji? Nzoona, malipiro ao aposa athu kutaritari. Koma munthu salinganiza mbale yace ndi ya mlendo wakutari. Ayang'ana ya mnzace amene anaphunzira naye pamodzi. M'caka ca 2023 oyendetsa a kampani ya Delta analandira pangano lokweza malipiro ao ndi 34 pa 100 pa zaka zinai. A NetJets anaturukanso ndi zikwangwani, ndipo kabungwe kao kanati anthu odziwa nchito alikucoka kunka ku makampani akuru.

Kucoka kumeneko si kanthu kapafupi. M'nchito iyi ulemu wonse utsata zaka zimene munthu wakhala pa kampani imodzi: ndiye ayamba kusankha ndeke, masiku opumula, ndi mpando wa kaputeni. Wosamuka ayambanso pansi monga mwana wa dzulo, ngakhale ali ndi imvi. Cifukwa cace munthu wa zaka zambiri akatola katundu wace, ine ndiyesa kuti mtima unafooka kale ndithu. Ndipo akacoka otere, otsala ndi amene sanaone mvula zambiri. Komatu ndeke zimenezi zitera pa mabwalo ang'ono pakati pa mapiri, kumene ndeke zazikuru sizifika.

M'caka ca 2024 kampani ndi kabungwe anagwirizana, ndipo malipiro anakwera kwambiri. Koma patangopita miyezi yowerengeka kampani inasumira kabungweko ku bwalo la mirandu ku Ohio, niti mau amene kanafalitsa onena za maphunziro a oyendetsa ndi kasungidwe ka moyo wa alendo anaipitsa mbiri yace. Kabungwe kanayankha kuti mlanduwo unali wofuna kuwatseka pakamwa.