Mapiritsi ofukizira chimanga: chochita akanyowa, akayaka, kapena munthu akapuma mpweya wake

Lero sitilowa m'munda. Chimanga chauma, ena mwayamba kale kutonola, nandolo nayenso sachedwa. Ndiye ndati tikambirane za mankhwala amene ambiri mumawadziwa koma simundiuza kuti muli nawo: mapiritsi otuwa aja oika m'matumba kuti aphe anankafumbwe. Pachitini pamalembedwa Phostoxin, Quickphos kapena dzina lina, koma mankhwala ake ndi amodzi, aluminium phosphide.

Chaka chatha ndinalowa m'nyumba ina kukaona chimanga. Nditangoponda pakhomo ndinamva fungo ngati la adyo. Matumba anali atasanjidwa pabalaza, ndipo pambali pake panali mphasa imene ana amagonapo. Mayi wa pakhomopo anandiuza kuti anagula mapiritsi atatu pamsika, okulungidwa m'kapepala, opanda chitini, opanda malangizo. Anati ana adzuka akudandaula mutu. Tinatuluka tonse nthawi yomweyo, zitseko n'kuzisiya zotsegula, ana n'kupita nawo kuchipatala. Anachira. Mayiyo sindinawadzudzule, chifukwa ankateteza chakudya cha banja lawo, ndipo palibe amene anawauza zimene ndikuuzeni lero.

Mmene mapiritsiwa amagwirira ntchito

Piritsi limodzi lalikulu limalemera magalamu 3. Likakumana ndi chinyezi, ngakhale cha mumpweya chabe, limayamba kufumbutuka n'kutulutsa galamu imodzi ya mpweya wapoizoni wotchedwa phosphine. Mpweyawu ndi umene umapha anankafumbwe. Suoneka ndi maso. Nthawi zambiri umanunkha ngati adyo kapena nsomba yowola, koma musadalire mphuno, chifukwa ukhoza kukuvulazani musanamve fungo. Umadutsa m'thumba wamba, m'ming'alu ya khoma, pansi pa chitseko ndi pamwamba pa khoma logawa zipinda. Ndi wolemererapo pang'ono kuposa mpweya umene timapuma, choncho ogona pansi, makamaka ana, ndi amene amayamba kuupuma.

Chachiwiri n'chakuti mapiritsiwa amayambitsa moto. Madzi akawagwera amatulutsa mpweya wambiri nthawi imodzi, amatentha, ndipo mpweyawo ukachuluka pamalo amodzi umatha kuyaka wokha popanda machesi. Zimenezi zimachitika kwambiri mapiritsi akaunjikana pamodzi kapena akatsekeredwa m'chinthu ali onyowa. N'chifukwa chake ngakhale akatswiri amatsegulira chitini panja, atachilozetsa kutali ndi nkhope.

Tonse tinakula tikudziwa kuti moto umazima ndi madzi. Pa mankhwala awa madzi ndiye amaukolezera. Mu Januwale 2017, mumzinda wa Amarillo ku Texas, m'dziko la America, mankhwala omwewa anaikidwa pansi pa nyumba kuti aphe makoswe. Fungo litayamba kuvuta, wina anathirapo madzi kuti awatsuke. Mpweya unadzaza m'nyumba usiku, ndipo ana anayi a banja limodzi anamwalira. Kumeneko ozimitsa moto ndi zipatala zili pafupi, koma anawo sanapulumuke. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuno kwathu madzi sitichita kuwaitana. Mukukumbukira Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola minda ku Nkhulambe ndi madera ena a Phalombe. Ngakhale chaka chabwinobwino, denga la udzu limadontha, madzi amalowa pansi pa chitseko. Taganizani kapepala ka mapiritsi kali pansi pa bedi usiku ngati umenewo.

Mukamva fungo kapena mapiritsi akanyowa

Choyamba, tulukani nonse. Dzutsani ogona, nyamulani ana ndi okalamba. Musataye nthawi kufunafuna kumene fungo likuchokera kapena kukoka matumba. Potuluka siyani chitseko chotsegula, koma musabwererenso kukatsegula mazenera a m'kati.

Kaimeni kumene mphepo ikuchokera, kuti izikuwombani kumsana mukayang'ana nyumbayo, pamtunda wosachepera theka la bwalo la mpira. Musaime m'chigwa kapena m'dzenje. Werenganani kuti muone ngati nonse mwatuluka. Chenjezani oyandikana nawo, makamaka amene nyumba zawo zili kumene mphepo ikulowera. Mbuzi ndi nkhuku zimene mungathe kuzitsegulira muli panja, zitsegulireni.

Musayatse machesi, koloboyi kapena fodya pafupi. Nsalu yonyowa kumphuno siteteza ku mpweya umenewu, ngakhale masiki aja tinkavala nthawi ya Covid-19 sathandiza. Tumani munthu kwa a mfumu ndipo ndiimbireni ine kapena mlangizi aliyense amene muli naye pafupi. Usiku umenewo kagoneni kwa abale. Musalowenso m'nyumbamo mpaka odziwa za mankhwalawa atabwera n'kunena kuti muli bwino.

Ngati mapiritsi atayika panja ndipo mvula ikubwera, munthu wamkulu mmodzi, ataima kumene mphepo ikuchokera, awakwirire ndi mchenga wouma kapena dothi louma pogwiritsa ntchito fosholo, kenako ayalepo pulasitiki kuti madzi asafike. Asawagwire ndi manja, asawasese ndi tsache lonyowa, asawatole n'kuwatsekera m'botolo kapena m'chigubu, chifukwa chikhoza kuphulika. Ikani minga kuzungulira malowo kuti ana ndi ziweto zisafikepo.

Moto ukabuka

Musathire madzi pamene pali mapiritsi. Ndikubwereza: musathire madzi. Ngati motowo ndi waung'ono ndipo uli panja, ukwirireni ndi mchenga wouma kapena dothi louma, mphepo ili kumsana kwanu. A makalabu ndi makopaletivi amene muli ndi nyumba yosungiramo mbewu, muzisunga ndowa ziwiri za mchenga wouma pakhomo, ndipo ngati mugula chozimitsira moto, mugule cha ufa, osati cha madzi kapena cha thovu.

Ngati moto wagwira m'nyumba momwe muli mapiritsi, musalowe. Utsi wake umawotcha m'mapapo. Ndikudziwa kuti n'kovuta kuimirira n'kumaona matumba khumi, thukuta la chaka chonse, akupsa. Koma chimanga mudzalima china, ndipo anzanu a sukulu ino sangakuonereni mukugona ndi njala. Mphamvu zanu zipite poteteza nyumba zoyandikana: madzi athireni pamadenga a nyumba zimenezo, kutali ndi kumene kuli mankhwala. Anthu akamathamangira kudzathandiza ndi ndowa, mwininyumba afuule kuti muli mapiritsi. Musabise chifukwa cha manyazi, mungaphetse mnansi amene wabwera kudzakuthandizani.

Munthu akapuma mpweyawu kapena akameza piritsi

Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kusanza, kupweteka m'mimba, kutsokomola, chifuwa kuthina ndi kufooka. Zimafanana ndi malungo, n'chifukwa chake ambiri amachedwa. Mukaona anthu angapo a m'nyumba imodzi adwala usiku umodzi, kapena nkhuku ndi mphaka zafa m'nyumba momwe muli matumba, ganizirani za mapiritsi.

Mutulutsireni wodwalayo pa mpweya wabwino. Ngati wakomoka m'kati, musathamangiremo nonse. Alowe munthu mmodzi wamphamvu atagwira mpweya, amukokere kunja msangamsanga, ena akudikira pakhomo. Mumasuleni zovala zothina. Ngati fumbi la mankhwala lamugwera, muvuleni zovalazo n'kuzisiya panja, mumupukute ndi nsalu youma kaye, kenako mumusambitse ndi madzi ambiri ndi sopo, panja pomwepo. Wokomoka mumugoneke cham'mbali kuti masanzi asamutsamwitse. Musamupumire m'kamwa.

Amene wameza piritsi, mwangozi kapena chifukwa cha mavuto a mumtima, musamumwetse madzi, mkaka, phala kapena mankhwala azitsamba, ndipo musamusanzitse. Piritsi likakumana ndi madzi m'mimba limatulutsa mpweya womwe uja. Masanzi ake nawonso amatulutsa mpweyawu, choncho akwirireni ndi dothi louma. Si nthawi yomufunsa mafunso kapena kumukalipira, ndi nthawi yothamanga.

Pitani naye kuchipatala chimene chili pafupi nthawi yomweyo, kaya ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, Holy Family, kapena chipatala chachikulu cha boma ku Migowi. Pagalimoto, mazenera onse akhale otsegula. Musamuyendetse pansi ngati pali njira ina, chifukwa poizoniyu amafooketsa mtima. Mukafika, nenani zoona: dzina la mankhwala, nthawi imene zachitika, ndi anthu angati anali m'nyumbamo. Mapiritsiwo musapite nawo. Lembani dzina lake papepala kapena jambulani chitini ndi foni. Muli m'njira mukhoza kuimbira Chipatala cha pa Foni.

Poizoniyu alibe mankhwala omusungunula. Achipatala amathandiza mtima ndi mapapo kuti thupi lilimbane naye, ndipo zimenezi zimatheka wodwala akafika msanga. Aliyense amene anali m'nyumbamo akaonedwe, ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa madzi amatha kudzaza m'mapapo patapita maola angapo.

Kupewa

Kuno ku Malawi mankhwala ophera tizilombo amayang'aniridwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Mapiritsiwa ndi a anthu ophunzitsidwa ntchito yofukiza mbewu, okhala ndi chilolezo, amene amafukiza m'nyumba zosungiramo mbewu zosagonamo anthu, pansi pa malona osatulutsa mpweya, kwa masiku angapo. M'thumba wamba mpweya umathawa msanga: anankafumbwe ena amafa, mazira awo amatsala, ndipo poizoni wothawayo amapumidwa ndi ana anu. Mwataya ndalama, mwaikanso banja pangozi.

Njira zabwino tinaphunzira kale pano. Umitsani chimanga bwinobwino, chipeteni, muthire mankhwala aufa ovomerezeka monga Actellic potsatira muyezo wolembedwa pabotolo. Kapena gwiritsani ntchito matumba a PICS, amene amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala alionse, ndipo mukawasamala amagwira ntchito zaka zingapo.

Tsono ndili ndi pempho. Amene muli ndi mapiritsi kunyumba, lero lomwe achotseni m'nyumba yogona. Akhale m'chitini chake chotseka bwino, pamalo ouma, okwera, okhoma, kumene ana safika. Musawataye m'chimbudzi, m'chitsime, mumtsinje kapena pamoto. Ufa wotuwa wotsala m'matumba nawonso musaukhudze ndi manja kapena kuutsuka. Tikamaliza pano mundipeze pambali mundiuze. Sindikulembani dzina, sindikakunenezani kulikonse. Tidzaona limodzi njira yowachotsera bwino.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: aliyense akafotokozere banja lake ndi makomo awiri oyandikana nawo zinthu zitatu. Ukamva fungo la adyo pamatumba, tuluka. Pa mapiritsi, mchenga wouma, osati madzi. Wodwala apite kuchipatala msanga, osamumwetsa kanthu. Tikadzakumananso tidzayeserera: ena adzakhala banja, ena anansi obwera ndi ndowa, tione amene adzakumbukire kufuula.

Amene ali ndi funso, afunse.