Njere za Mpiru ndi Muvi Wachiwiri



Mawu otitsogolera lero ali pa Luka 7:11-17, nkhani ya mayi wamasiye wa ku Naini amene anafedwa mwana wake mmodzi yekhayo. Koma tisanafike ku Naini tidzera kaye kutali, ku India, kumene kuli nkhani ya mayi wina wofedwa imene otsatira Buddha amaphunzitsa ana awo. Wina afunsa kuti nkhani ya chipembedzo china ikufuna chiyani pa wailesi ya mpingo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ngakhale mtumwi Paulo, polalikira ku Atene, anatchula mawu a alakatuli a anthu akumeneko kuti awafike pamtima, monga timawerengera pa Machitidwe 17. Tiyeni timvetsere, kenaka tiyeze zonse ndi Mawu a Mulungu.

Buddha anali munthu, dzina lake Siddhartha Gautama. Anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe. Anali mwana wa mtsogoleri wa fuko la Sakya ndipo anakulira pa mwanaalirenji. Mbiri imene otsatira ake amasunga imati tsiku lina anaona nkhalamba, munthu wodwala ndi mtembo, ndipo zinamusowetsa mtendere. Ali ndi zaka 29 anasiya nyumba ndi chuma kukafunafuna gwero la masautso a munthu. Patapita zaka 6, atakhala pansi pa mtengo wa mtundu wa mkuyu ku Bodh Gaya, anati wapeza yankho, ndipo anayamba kutchedwa Buddha, kutanthauza munthu amene wagalamuka. Anaphunzitsa zaka 45, n'kumwalira ali ndi zaka 80. Lero otsatira ake ndi ambiri ku Sri Lanka, Thailand, Myanmar, Japan ndi maiko ena. Phata la chiphunzitso chake ndi lakuti moyo uli ndi zowawa, ndipo zowawazo zimakula chifukwa mtima wa munthu umakangamira zinthu zimene sizikhalitsa.

Mumzinda wa Savatthi munali mayi wina dzina lake Kisa Gotami. Anachokera kubanja losauka, ndipo kumene anakwatiwa ankamuyang'anira pansi mpaka pamene anabereka mwana wamwamuna. Mwanayo ndiye anali ulemu wake. Koma atangoyamba kuyenda ndi kusewera, mwana uja anamwalira. Mayiyo anakana kuvomera. Ananyamula mtembo wa mwana wake, n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha mankhwala. Ena anati wazungulira mutu. Munthu mmodzi yekha anamumvera chisoni, n'kumuuza kuti apite kwa Buddha.

Buddha sanamukalipire, ndipo sanamuuze kuti asiye kulira. Anamutuma kuti akapemphe njere za mpiru pang'ono chabe, koma azitenge pakhomo limene silinaonepo maliro. Mayi uja ananyamuka ndi chiyembekezo, pakuti mpiru unali wosasowa, monga mmene ulili m'madimba mwathu muno. Pakhomo loyamba anamupatsa njere mosavuta. Atafunsa ngati pakhomopo panamwalirapo munthu, eni nyumba anamuuza za wawo amene anawasiya. Anabweza njere, n'kupita pakhomo lina. Apa anali atataya bambo, apo mwana, uko mkazi. Anthu anamuuza kuti akufa ndi ochuluka kuposa amoyo. Pofika madzulo analibe njere ngakhale imodzi m'manja, koma maso ake anali atatseguka. Anakagoneka mwana wake, n'kubwerera kwa Buddha, ndipo pambuyo pake anakhala mmodzi wa amayi odzipereka pa chiphunzitso chake.

Taonani, abale, chimene chinachiritsa mayi ameneyu. Tsiku lonse lija ankaganiza kuti akufunafuna mankhwala, koma chimene ankachita n'kumvetsera maliro a anzake. Chisoni chimatsekera munthu m'nyumba n'kumunong'oneza kuti ndiwe wekha, Mulungu wasankha iwe, anzako onse ali bwino. Khomo lililonse limene Kisa Gotami anagogoda linatsutsa bodza limeneli. Makolo athu ankadziwa zimenezi pamene anati maliro n'kulirana. N'chifukwa chake timagona pasiwa, amayi m'nyumba, abambo panja pamoto, adzukulu n'kulawirira kumanda. Vuto lathu ndi lakuti maliro akangotha tonse timabalalika, ndipo patapita mwezi, pamene chisoni chenicheni chafika, mfedwa amatsala yekha ndi zovala za malemu.

Buddha anaphunzitsanso fanizo la mivi iwiri. Munthu akalasidwa ndi muvi amamva ululu, ndipo umenewo sangauthawe. Koma akayamba kudzizunza mumtima, kudziimba mlandu ndi kuwawidwa usiku ndi usana, ali ngati walasidwa kachiwiri pabala lomwelo. Muvi woyamba umachokera kunja. Wachiwiri timadzilasa tokha.

Muvi wachiwiriwu timaudziwa bwino m'midzi mwathu. Mwana wamwalira ndi malungo, ndipo umenewo ndi muvi woyamba. Kenaka mayi ayamba kudzifunsa kuti ndikanapita msanga kuchipatala bwenzi ali moyo, ndipo zaka zipita akudzikwapula ndi funso limene silingadzutse mwana. Bambo naye ayamba kufunsa kuti wachita zimenezi ndani. Agulitsa mbuzi, apita kukaombeza, ndipo dzina limene abwera nalo ndi la gogo wina wosauka amene amakhala yekha kumapeto kwa mudzi. Apa muvi wachiwiri wachoka pamtima pa wofedwa n'kukalasa munthu wosalakwa. Abale amasiya kulonjerana, ana amaletsedwa kudya kwa agogo awo, nkhalamba imathamangitsidwa pamudzi pamene inabadwira. Lamulo la dziko lathu la Zambia limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulo la Mulungu limaletsa kuchitira mnzako umboni wonama. Maliro amodzi asabale maliro awiri.

Otsatira Buddha amadziphunzitsa kugwira muvi wachiwiri usanachoke pauta. Mkwiyo kapena mantha zikabwera, munthu amakhala pansi, n'kumatsatira mpweya wake pamene ukulowa ndi kutuluka, ndipo amazindikira chimene chili mumtima mwake, kuti uwu ndi mkwiyo, awa ndi mantha. Amadziwa kuti zimenezi zimabwera n'kupita, choncho amadikira kuti mtima utsike asanalankhule. Ife Akhristu tili nalo langizo lofanana pa Yakobo 1:19, lotiuza kuti tizifulumira kumva koma tizichedwa kulankhula ndi kukwiya. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikakhala chete timakhala pamaso pa Atate amene amatimva.

Tsopano tifike ku Naini. Kumenekonso kuli mayi, mwana mmodzi yekha, ndi mtembo. Khamu la anthu a mumzinda likumuperekeza, pakuti nawonso ankadziwa kulirana. Yesu akumana nawo pachipata, agwidwa ndi chifundo, akhudza chithatha, adzutsa mnyamatayo n'kumupereka kwa mayi ake. Apa ndi pamene njira ziwirizi zikusiyana, ndipo tizinene mwaulemu koma mosabisa. Buddha anathandiza mayi uja kuvomera kuti imfa ndi ya tonse. Iye sanaphunzitse za Mulungu Mlengi, ndipo otsatira ake amakhulupirira kuti munthu amabadwanso kambirimbiri mpaka atamasuka ku zilakolako. Ife timakhulupirira kuti Yesu anafa n'kuuka, ndipo amene anagona mwa Iye adzauka nawonso. Timalira ndithu, pakuti Yesu mwini analira pamanda a Lazaro, koma misozi yathu ili ndi chiyembekezo, monga Paulo anakumbutsira Akhristu pa 1 Atesalonika 4.

Sabata ino tichite zinthu zimene tingathe. Inu amene munafedwa, musadzitsekere m'nyumba. Pitani kwa mnzanu amene anadutsa njira yomweyi, mukhale naye pamphasa, mumve nkhani yake, nayenso amve yanu. Inu amene maliro anu anapola, kumbukirani khomo limene munali pasiwa miyezi yapitayo. Nyamulani kaufa, kamtolo ka nkhuni kapena ndiwo za mpiru, mukacheze, ndipo musaope kutchula dzina la malemu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo inu amene mumtima mwanu muli dzina la munthu amene mukumuganizira kuti ndiye anapha wanu, musalitulutse pakamwa lero. Khalani pansi, pumani, gwadani, mulipereke kwa Mulungu, kenaka mukalankhule ndi akulu a mpingo musanachite kanthu kalikonse.

Tiyeni tipemphere.

Atate wachifundo, Inu mukudziwa khomo lililonse la m'mudzi mwathu ndi manda amene khomo lililonse lili nawo. Tonthozani amayi amene manja awo atsala opanda kanthu, ndi abambo amene amalira mobisa. Tichotsereni mtima wofuna wina woti timuloze chala. Tetezani nkhalamba zathu kumabodza. Dalitsaninso anthu a zipembedzo zina amene amafunafuna choonadi ndi mtendere. Tisungeni m'chiyembekezo cha kuuka kwa akufa, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.