Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Loganizira za Mtima



Pa 29 Seputembala dziko lonse limakamba za mtima. Ine ndabwera kudzalankhula makamaka ndi inu amene mukusamala wodwala yemwe adokotala adati mtima wake udafooka, sukupopa magazi mokwanira. Mukumudziwa: mapazi amatupa, akagona chagada amabanika, akangofika kuseri kwa nyumba ali wefuwefu. Ambiri zidayamba ndi BP, yomwe kafukufuku wa STEPS wa 2009 adaipeza mwa munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno.

Timamukonda, n'chifukwa chake timamuyalira mphasa n'kumati, "Gonani agogo, tikutengerani." Ngakhale madokotala akale ankalamula zomwezo. Koma munthu wongogona minofu imafota, ndipo ikafota, kamtunda kochepa kamamutopetsa kuposa kale, iye n'kuwonjezera kugona. Kafukufuku wa HF-ACTION, amene adatsatira odwala 2,331 ku United States, Canada ndi France, adaonetsa mu 2009 kuti odwala ochita masewera olimbitsa thupi moyenera sadaike moyo pachiswe, ndipo ankamva bwino m'thupi kuposa anzawo.

Sindikunena kuti agogo agwire khasu kapena asenze ndowa, ayi. Akapita ku sikelo yawo, afunse kaye adokotala. Akavomera, ayambe ndi mphindi zisanu kapena khumi pamalo osakwera, m'mawa dzuwa lisanapse, mdzukulu ali pambali. Azitha kucheza akuyenda. Mawu akayamba kuduka, athamanga kwambiri. Sabata ndi sabata aziwonjezera pang'ono. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka, aime. Thupi likalemera ndi makilogalamu awiri pamasiku atatu, amenewo ndi madzi: tsiku limenelo ulendo ndi wa kuchipatala basi. Mankhwala, ngakhale okodzetsa aja amene ambiri amadana nawo, asawasiye, ndipo mchere m'ndiwo uchepe.

Mafumu anga, apa ndikupemphani thandizo. Wodwala akaoneka akuyenda pamsewu, ena amayamba kunong'ona kuti ankangonamizira kudwala. Manyazi amenewa amabwezera anthu pamphasa. Kanenenitu pabwalo kuti kuyendako adalamula ndi adokotala.

Kwa inu achipatala, pa tsiku la kiliniki ya mtima pazikhala wa fiziyo woti aziyenda ndi odwala m'khonde, kuti aliyense azibwerera kwawo akudziwa mlingo wake.