Katchulidwe ka "-ed" m'Chingerezi



M'Chichewa mawu onse amathera ndi lembo laliwu, n'chifukwa chake ana athu akaona "walked" amati "wokedi." Akadzudzulidwa, ena amangomeza mathero onsewo, ndipo womva sadziwanso kuti ulendowo unali wadzulo.

Phatikizo loonjezera limamveka pokhapokha mneni akathera ndi liwu la "t" kapena "d," monga m'mawu akumundawa: "planted," "weeded," "harvested." Pa aneni enawo, gwirani pakhosi potchula liwu lotsiriza. Pakanjenjemera, monga pa "clean," onjezani "d" chabe. Pakangoti zii, monga pa "walk," onjezani "t," mawuwo akhalebe phatikizo limodzi: "wokt."