Chithunzi Chikafika Chowonongeka, Amanena Ndani?

Lero tikamba za ntchito imene imachitika m'mafoni ndi m'makompyuta athu tsiku ndi tsiku, ngakhale maso athu saiona. Ambiri a inu mudalandirapo chithunzi chimene chidatseguka theka lokha: kumwamba nkhope za abale zikuoneka bwino lomwe, koma kumunsi kuli mtundu wa phulusa wokhawokha. Ena mudaona foni ikukana, nkulemba kuti chithunzicho sichingatseguke. Zonsezi zidachita kukonzedwa. Pali anthu amene adakhala pansi nkuganizira mozama zimene makina ayenera kuchita akakumana ndi chithunzi chowonongeka, ndipo maganizo awowo ndiwo tifuna kuwamva.

Tiyambe ndi liwu limodzi. Akatswiri a makompyuta akati laibulale, sanena nyumba yobwerekako mabuku ayi. Amanena mtolo wa timapulogalamu tating'ono timene tidalembedwa kamodzi kuti mapulogalamu ena ambiri azitigwiritsa ntchito. Munthu wolemba pulogalamu yotumizirana mauthenga sataya nthawi kuphunzira mmene chithunzi chimasungidwira. Iye amangoitana laibulale nkuiuza kuti, "Nayi fayilo, nditsegulireni." Malaibulale otere alipo odziwika. Pali libjpeg, imene gulu la Independent JPEG Group lidatulutsa mu 1991 kuti izitsegula zithunzi za mtundu wa JPEG. Pali libpng ya zithunzi za PNG, ndi libwebp ya zithunzi za WebP, mtundu umene kampani ya Google idabweretsa mu 2010. Palinso Leptonica, yolembedwa ndi Dan Bloomberg, imene imathandiza pulogalamu ya Tesseract kuwerenga malembo a m'mapepala ojambulidwa. Onsewa amatchedwa malaibulale a pansi, chifukwa ndiwo amagwira manambala enieni a m'fayilo, limodzi ndi limodzi, monga wogaya chimanga amene manja ake amakhudza njere zenizeni.

Tsono taganizirani za wogayayo. Akapeza mwala m'chimanga chimene mwabweretsa, pali zinthu zitatu zimene tiyembekeza kwa iye. Auone mwalawo usanalowe m'chigayo. Akuuzeni inu eni chimanga. Ndipo asatseke chigayo chonse nkuthamangitsa anthu ena onse amene ali pamzere chifukwa cha thumba lanu limodzi. Laibulale yabwino nayonso ili ndi maudindo atatu omwewa: kuzindikira cholakwika, kuchinena kwa woyenera, ndi kusiya chigamulo m'manja mwa amene waituma.

Tione udindo woyamba, wa kuzindikira. Amene adakonza mtundu wa PNG, umene udavomerezedwa mu 1996, adauganizira kwambiri udindowu. Fayilo iliyonse ya PNG imayamba ndi manambala 8 amene sasintha. Loyamba ndi 137, otsatira atatu amaimira malembo P, N ndi G, ndipo anayi otsalawo adasankhidwa mwadala kuti fayilo ikasokonezedwa panjira potumiza, zidziwike pakhomo pomwe. Kuchoka apo, fayiloyo idagawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimathera ndi nambala yotsimikizira yotchedwa CRC. Nambalayi imapezeka powerengera zonse za m'chigawocho. Laibulale ikamawerenga, imawerengeranso payokha nkuyerekeza. Manambala awiriwo akasiyana, ndiye kuti china chake chasintha panjira.

Koma si cholakwika chilichonse chili ndi kulemera kofanana, ndipo apa mpamene pali nzeru. M'fayilo ya PNG muli zigawo zofunika kwambiri, monga chimene chimanena m'lifupi ndi m'litali mwa chithunzi, ndi chimene chimasunga timadontho ta chithunzicho. Mulinso zigawo zongowonjezera, monga mawu onena dzina la wojambula. Dzina la chigawo likayamba ndi lemba lalikulu, monga IHDR kapena IDAT, ndiye kuti nchofunika. Likayamba ndi laling'ono, monga tEXt, nchongowonjezera. Laibulale ya libpng, ngati siidauzidwe zina, ikapeza kuti CRC ya chigawo chofunika siikugwirizana, imaima nkunena kuti pali cholakwika. Ikapeza zomwezo m'chigawo chongowonjezera, imapereka chenjezo chabe, nkutaya chigawocho, nkupitiriza ntchito. Motero chithunzi cha ukwati wa mwana wanu sichitayika chifukwa chakuti dzina la wojambula lafufutika.

Nanga phulusa lija limachokera kuti? Limachokera ku kusiyanitsa komweku pakati pa cholakwika ndi chenjezo. Fayilo ya JPEG ikathera panjira, mwina chifukwa netiweki idadula musanamalize kulandira, libjpeg imapereka chenjezo lakuti fayilo yatha nthawi yake isanakwane. Kenaka imadzaza malo otsalawo ndi mtundu wa phulusa. Olemba ake adaona kuti theka la chithunzi nlabwino kuposa kusowa chithunzi. Adaonanso kuti fayilo imodzi yowonongeka ikhoza kubala machenjezo ochuluka zedi, nchifukwa chake laibulaleyi imalemba chenjezo loyamba lokha, koma enawo imangowawerenga. Pulogalamu imene yaituma ikhoza kufunsa pamapeto kuti machenjezo adalipo angati, nkuganiza yokha ngati chithunzicho nchokhulupirika.

Tifike pa udindo wachiwiri, wa kunena. Malaibulale onse amene tawatchulawa adalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa C, chimene Dennis Ritchie adakonza ku Bell Labs ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Chilankhulochi nchachangu, koma chilibe njira yokonzedweratu yolengezera ngozi monga zilili zilankhulo zina za pambuyo pake. Choncho olemba malaibulale adapeza njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi yobweza yankho. Iyi ndiyo imagwiritsidwa ntchito mu Leptonica. Kantchito kalikonse kasanayambe kamayang'ana zimene kapatsidwa. Zikakhala zosayenera, kamabwerera msanga ndi chizindikiro. Timantchito tambiri timabweza 0 zikayenda bwino ndi 1 zikalakwika, ndipo timene timayenera kubweza chithunzi timabweza chizindikiro chakuti palibe kanthu. Kantchito kamene kadatuma kanzake kamaona chizindikirocho, nako nkubwerera kwa amene adakatuma, mpaka uthenga utafika kwa mwini pulogalamu. Zili ngati mlandu wochokera kwa mwini mbumba kupita kwa nyakwawa, nkufika kwa mfumu. Ubwino wake ngwakuti aliyense panjirapo amamva. Kuipa kwake nkwakuti mmodzi yekha akanyalanyaza yankholo, uthenga umafera pomwepo, ndipo ntchito imapitirira pa chithunzi chimene kulibe.

Njira yachiwiri ndi yodumpha. Iyi ndi ya libpng. Pulogalamu isanayambe kuwerenga chithunzi, imaika chizindikiro pamalo ena pogwiritsa ntchito lamulo lotchedwa setjmp, ngati munthu wokhoma chikhomo pamphambano nkunena kuti, "Zikavuta, tidzakumane pano." Cholakwika chikapezeka, ngakhale mkati mwenimweni mwa ntchito, laibulale imagwiritsa ntchito lamulo la longjmp nkubwerera pachikhomopo nthawi yomweyo. Njirayi siilola kuti uthenga utayike panjira, koma imafuna kusamala, pakuti wodumpha amasiya zinthu m'mbuyo.

Zinthu zosiyidwazo ndi memori, ndiye kuti malo amene pulogalamu imabwereka m'kompyuta kuti igwirirepo ntchito. Malo obwerekedwa ayenera kubwezedwa. Ngati laibulale yabwereka malo a chithunzi, nkupeza cholakwika, nkuchoka osabweza, kompyuta imataya malowo. Kamodzi kokha sizioneka. Koma pa kompyuta yaikulu yolandira zithunzi usana ndi usiku, malo amachepa pang'onopang'ono mpaka makina onse kuima. Motero kunena cholakwika kumayendera limodzi ndi kubweza zonse zimene udabwereka.

Udindo wachitatu ndi wosiya chigamulo kwa mwini ntchito. Laibulale siidziwa kumene ili. Lero ili m'foni ya mwana wa sukulu, mawa ili m'kompyuta ya ku ofesi imene ikusunga makalata a anthu zikwizikwi. Pulogalamu yoituma ndiyo idziwa ngati chithunzi chimodzi chowonongeka nchifukwa chokwanira choimitsira ntchito. Apa libjpeg ili ndi phunziro. Ngati wolemba pulogalamu saikonza, laibulaleyi ikapeza cholakwika chachikulu imalemba uthenga nkutseka pulogalamu yonse. Izi nzoyenera pa kapulogalamu kotsegula chithunzi chimodzi, koma nzoopsa pa pulogalamu imene munthu akulemberamo kalata yake ya maola atatu. Olemba libjpeg adadziwa zimenezi, ndipo adasiya khomo lotseguka kuti wolemba pulogalamu aikepo njira yakeyake, kawirikawiri yodumpha ija. Amene sawerenga malangizo amagwa m'dzenjemo, monga akuluakulu adanenera kuti safunsa adadya phula. Leptonica nayo imapereka ufulu pa mauthenga ake. Idawagawa m'magulu, monga zolakwika, machenjezo ndi zongodziwitsa, ndipo wolemba pulogalamu amasankha gulu limene afuna kuti lizioneka, kapena kuwatontholetsa onse. Koma ngakhale mawu atatontholetsedwa, yankho lija la 0 kapena 1 limabwerabe.

Mwina ena mukufunsa kuti, kodi nkhaniyi ili ndi kulemera kotani, popeza ndi zithunzi chabe? Yankho nlakuti si chithunzi chilichonse chowonongeka chidawonongeka mwangozi. Pali anthu amene amachita kupanga mafayilo abodza kuti anyenge laibulale. Tatengani fayilo yaing'ono imene ikunena kuti chithunzi chake chili ndi timadontho 100,000 m'lifupi ndi 100,000 m'litali. Timeneti ndi timadontho 10 biliyoni, ndipo ngati kalikonse kafuna manambala atatu a mtundu, malo ofunika ndi mabayiti 30 biliyoni, kuposa memori ya mafoni ambiri. Laibulale yokhulupirira zonse zimene fayilo yanena ikhoza kugwetsa makina. Nchifukwa chake malaibulale osamala amaika malire ndipo amayamba awerengera asanabwereke malo.

Chitsanzo chachikulu cha ngozi yotere chidaoneka mu September 2023. Akatswiri a Citizen Lab, a ku University of Toronto m'dziko la Canada, adapeza kuti foni ya iPhone ya wogwira ntchito m'bungwe lina ku Washington idalowedwa ndi pulogalamu yaukazitape ya Pegasus kudzera m'zithunzi zotumizidwa pa uthenga, mwini foni osakhudza kanthu. M'masiku omwewo, iwo pamodzi ndi kampani ya Apple adadziwitsa Google za bowo m'laibulale ya libwebp, limene lidapatsidwa nambala ya CVE-2023-4863. Vuto lake lidali lotere. Potsegula chithunzi, laibulale imayamba yamanga ndandanda yothandiza kumasulira manambala ofinyidwa. Idali nayo njira yozindikira ndandanda yabodza, koma imazindikira itamaliza kale kulemba, ndipo fayilo yopangidwa mwaukathyali imatha kuilembetsa kupyola malire a malo amene idabwereka. Mlonda adalipo, koma amakuwa wakuba atatuluka kale. Pokonza, m'kope la 1.3.2, laibulaleyi idayamba kuwerengera kaye kukula kwa ndandandayo isanalembe kanthu. Popeza libwebp ili m'mapulogalamu ochuluka, monga Chrome ndi Firefox, onsewo adayenera kutulutsa makope atsopano mwachangu.

Pofuna kupeza maenje otere adani asanawapeze, akatswiri amadyetsa malaibulale mafayilo osokonezedwa dala ochuluka kwambiri, nkuona ngati adzanena cholakwika mwaulemu kapena adzagwa. Kuyambira mu 2016, Google imachita izi kwaulere pa mapulogalamu ambiri kudzera m'ntchito yotchedwa OSS-Fuzz. Njirayi yavumbula zolakwika zambiri, komabe bowo la libwebp lidaizemba kwa zaka. Motero maso a munthu wowerenga pulogalamu mosamala akadali ofunika.

Tsono inu omvera mutengepo chiyani? Choyamba, foni yanu ikakuuzani kuti pali kope latsopano loti muike, musazengereze chifukwa choumira mayunitsi, pakuti nthawi zambiri m'makope amenewa ndimo muli zigamba zotseka maenje onga amene tafotokozawa. Chachiwiri, chithunzi chikafika ndi phulusa kumunsi, kawirikawiri foni yanu siidawonongeke. Fayilo ndiyo idafika yosakwanira, ndipo pemphani kuti akutumizireninso. Chachitatu nchopita kwa achinyamata amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu m'masukulu athu a ukachenjede ndi kunyumba. Mukatuma laibulale, funsani yankho lake nthawi zonse. Mukamalemba yanu, yang'anani musanalembe, nenani cholakwika momveka bwino ndi dzina la malo amene chachitikira, bwezani zimene mudabwereka, ndipo musatseke pulogalamu ya mnzanu popanda chilolezo chake. Paja mbewa yamanyazi idafera kuuna, ndipo pulogalamu yobisa cholakwika imagwetsa ndi ena omwe amene adaikhulupirira.