Khutba ya Jumu'ah: Ana Athu ndi Mabotolo a "Mankhwala a Nzeru"

Tikuyamika Allah (Subhanahu wa Ta'ala) amene watisonkhanitsa lero. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad (SAW), akubanja lake ndi maswahaba ake.

Abale anga olemekezeka, m'misika ndi m'mafoni mwafika ogulitsa mankhwala azitsamba a m'mabotolo amene akuti amanola ubongo. Kholo limene mwana wake ananyentcherapo ali wakhanda, ndipo lero akuvutika kuloweza ku madrasa ndi kusukulu, likumagulitsa nsomba zandiwo kuti ligule botolo. Chikondi chake n'chabwino, koma ndalamayo ikupita kolakwika.

Ogulitsawo amati muli ma antioxidant, zinthu zoteteza maselo a thupi kuti asaonongeke. Zinthuzi zilipodi, koma zilinso m'mango, m'mapapaya, m'malambe, m'bonongwe ndi m'masamba a chammwamba. Palibe umboni wodalirika woti mapiritsi otere amakonzanso ubongo umene njala inaupinimbiritsa. Chitsamba chotchuka cha ginkgo biloba chinayesedwa ku America pa okalamba oposa 3,000, ndipo zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti sichinawateteze ku matenda oiwalaiwala. Chingathenso kuchedwetsa magazi kuundana, makamaka mwa munthu amene akumwa aspirin.

Ubongo umakula kwambiri m'masiku 1,000 oyambirira, kuyambira pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Choncho nkhondo yathu ili m'mbale ya mayi ndi mwana.

Khanda liyamwe bere lokha kwa miyezi 6, ndipo lipitirize kuyamwa mpaka zaka 2, nthawi yomwenso yatchulidwa mu Surah Al-Baqarah. M'phala muzitsira nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja, ndipo mchere ukhale wa ayodini. Inu atate asodzi, musamagulitse zonse padoko. Ya ana iziyamba yapatulidwa.

Mwana wotupa mapazi kapena woonda kwambiri thamangirani naye kuchipatala, kumene amapereka chiponde. Wamkulupo amene akuiwalaiwala kamuyezetseni malungo, likodzo ndi kuchepa kwa magazi, pakuti matendawa amafooketsa ana ambiri kuno kunyanja. Nanu aphunzitsi a madrasa, mwana wochedwa kugwira musamumenye. Mubwerezereni mofatsa, chifukwa ubongo wake ukadali wotha kuphunzira.

Ana ndi amanah m'manja mwathu, ndipo tidzafunsidwa za iwo. Tikupempha Allah awapatse thanzi ndi maphunziro aphindu, ndipo adalitse rizq la makomo athu. Aameen.